Njinga Yosafika Kulikonse

"Wopalamula tamugwira kale, mayi," anatero a Mtsogoleri wa Ulendo ndisanapeze n'komwe pokhala. "Inu mwangobwera kudzatsimikiza."

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya upolisi, ndaona kuti milandu imene wopalamula wagwidwa kale ndi imene imadya nthawi. Ndinakoka mpando.

Tinali mu ofesi ya kunsi kwa masitepe a bwalo la zamasewero, chipinda chonunkha penti ndi nsapato zonyowa. A Mtsogoleri anali bambo athupi, atavala tilakisuti yatsopano yomwe zipi yake inkagwira ntchito yolemetsa kuposa munthu aliyense pamalopo. Patebulo panali mafoni awo awiri, ogonekedwa moyandikana ngati mapasa, ndipo ankalira mosinthana. Akamayankhula, bambowa ankakonda kutembenukira kuwindo, manja kumbuyo, ngati munthu wa maganizo akuya. Sipanatenge nthawi kuti ndione chifukwa chake. Pamsana pawo panasokedwa zilembo zagolide, zazikulu ngati za pabasi, zonena udindo wawo.

Nkhani inali iyi. Timu ya dziko inkanyamuka mawa lake kupita ku mpikisano wa mayiko, ndipo madzulo a tsikulo a Kochi ankayenera kutchula osewera okwera ndege. Timu yathuyi, malinga ndi amuna anga omwe amadziwa zonse, ili ndi otchinga kumbuyo olimba, apakati othamanga, ndi akutsogolo omwe amalemekeza golo ngati apongozi, osaliyandikira. Zigoli zake zimachokera ku mipira yoima basi, ija amapereka woimbira wina akagwetsedwa pafupi ndi golo. Ndiye a Kochi anakonza kachenjerero katsopano komenyera mpira woterowo, nakayesa dzulo lake zitseko zili zotseka, mafoni onse atatsekeredwa m'bokosi. Kutacha, kachenjerero kaja kanali pafoni ya aliyense m'dziko muno, ndi m'mayiko omwe tinkakasewera nawo.

"Uku n'kugulitsa dziko," anatero a Mtsogoleri. "Goloboyi wachitatu. Anzake amamutcha Benchi. Anapezeka ndi foni m'kati mwa gulovu, kuseri kwa golo, komwe kanemayo anajambulidwira. Ndege sakwera. Ndanena ine."

"Kanemayo munamupeza m'foni mwake?"

"Anafufuta. Kazitape sasiya mapazi."

"Ndiye umboni wathu ndi woti umboni palibe."

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa zaka za akazi awo.

"Wakutumani ndani, a Sajeni?"

"Abwana anga. Akuti apolisi aamuna akabwera kuno angoyamba kujambulitsa ndi osewera."

"Mpira mumaudziwa?"

"Ndimadziwa kuti ndi wozungulira."

"Muli ndi mpaka madzulo," anatero, natembenukanso kuti ndiwerenge bwino.

* * *

A Kochi anali munthu wowonda, wa maso ofiira, wotafuna chingwe cha wezulo. Anandilowetsa m'chipinda chosambira, natseka chitseko, nasuzumira kuseri kwake, kenaka anatsegula mpopi kuti madzi azisokosa.

"Makoma," anatero, akuloza khutu lawo.

Anandionetsa kanemayo pafoni. Anali wamfupi, ndipo wina anamuikamo nyimbo yovina. Anajambulidwa kuchokera kuseri kwa golo, kudzera m'maso a ukonde. Anthu asanu anaima mzere ngati mpanda, atatipatsa misana. Patsogolo pawo osewera atatu anazungulira mpira. Woyamba anaudumpha. Wachiwiri anagwada ngati akumanga nsapato. Wachitatu anaukankhira pambali, wogwada uja n'kudzambatuka, ndipo mpira unatuluka m'chithunzi.

"Mwaona? Womanga nsapato ndiye womenya. Ndakhala osagona ndikuganiza zimenezi. Lero ana onse mumsewu akumanga nsapato."

"A mpandawa ndi osewera?"

"Ayi. Zidole zathu zapulasitiki zinathyoka miyendo. Ndinaimika amene analipo." Anaika chala pagalasi. "Dokotala. Makiyi, wosunga katundu. Dalaivala wa basi. Wachiwiri wanga. Ndi awo, anadzipereka okha."

Anayi anavala timalaya tachikasu topanda manja tomwe osewera amati mabibu. Wachisanu, wapakati, analibe bibu. Zilembo zagolide zinkanyezimira padzuwa.

"Aliyense ali pabwalo kapena mumpanda," anapitiriza a Kochi. "Otsala awiri. Kaputeni, chigonere kwa dokotala, bondo. Ndi Benchi."

"Inu mukukhulupirira kuti ndi Benchi?"

"Sindikhulupirira munthu. Ngakhale inu."

"Zikomo."

Anatafuna chingwe chija kwa kanthawi.

"Benchi wakalambira pabenchi, osadandaula. Uwu ukanakhala mpikisano wake woyamba. Ndi womaliza. Ndinkafuna akwereko ndege kamodzi."

Ndinapempha kuti abwereze kanemayo. Chithunzi chinkapendekekera kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, mosalekeza.

"Wojambulayo anali atamwa?"

"Mantha," anatero a Kochi.

Mantha ndawaona ambiri pantchito yanga. Amanjenjemera. Sindinaonepo mantha oyenda mwadongosolo ngati akuguba.

* * *

Benchi ndinamupeza m'chipinda chovalira, ali yekha. Anzake anali atasunthira zikwama zawo kutali, ngati ukazitape ndi mphere. Anali bambo wa dazi loyamba kumene, wa manja aakulu omwe sankadziwa powaika. Ataona yunifolomu yanga anaimirira.

"Khalani, achimwene. Foni ija inkatani m'gulovu?"

"Nkhuku, mayi."

"Nkhuku."

"Goloboyi wachitatu sadyera mpira. Ndimaweta. Ndiye zagwidwa chitopa. Mayi a kunyumba akulira, ana akulira, khola langoti zii. Ndinati foni ndikaisiya m'bokosi, ndikapeza kulibe ngakhale nthenga."

"A Makiyi sanazindikire kuti yanu mulibe?"

Anamwetulira pang'ono. "Ine anthu sandiwerenga, mayi. Basi inandisiyapo pahotela, anazindikira atafika."

"Munakhala pati?"

"Pansi, kuseri kwa chikwangwani cha malonda chija chili kumbuyo kwa golo. Ndinkanong'ona ndi mayi a kunyumba, kuwauza zopatula zodwala."

"Munali ndi ndani kumeneko?"

Anatenga gulovu, naitembenuza, naiyang'ana ngati akuiona koyamba.

"Ndekha."

"Munamva chiyani?"

"Nkhuku, pafoni. Zikukhosomola ngati anthu."

"Mukudziwa kuti mukapanda kundithandiza ndege ikusiyani?"

"Ndege zandisiya zambiri, mayi." Anaika gulovu ija pansi mosamala. "Timu ingapite popanda goloboyi wachitatu, palibe angazindikire. Koma alipo ena, akatsala iwo ndiye kuti tatsala dziko lonse."

Ine za ena ndinali ndisanafunse.

* * *

A Makiyi anali kamunthu kakafupi kokhala ndi mulu wa makiyi m'chiuno, moti ankamveka asanaoneke. Ankadandaula akuyenda, akuima, ngakhale akupuma.

"Katundu wa dziko, mayi! Masokosi amasowa, matawulo amasowa, akasowa amati Makiyi. Zidole zikathyoka, Makiyi ima pampanda. Onani apa." Anapinda buluku kundionetsa pamene mpira unawamenya. "Ndani andipepesa? Palibe."

"Mafoni munasonkhanitsa inu?"

"M'bokosi la zakumwa, n'kukhoma ndi loko wanga. Oyamba kuika anali a Mtsogoleri. Anaimika anthu onse, n'kulankhula za mwambo mpaka a Kochi anayamba kuyang'ana wotchi. Kenaka anaikweza m'mwamba kuti tonse tione, n'kuiponyamo."

"Foni imodzi?"

"Imodzi. Kodi munthu ali ndi makutu angati oyankhulira?" Anaima, makiyi n'kukhala chete kwa nthawi yoyamba. Kenaka anayambanso kuyenda. "Ine za akuluakulu sindiziwerenga, mayi. Ndili ndi ana."

Anandiperekeza kuseri kwa golo. Ndinanjuta pamene Benchi anati anakhala, mawondo anga akutsutsa. Kuchokera pamenepo munthu ankangoona kumbuyo kwa chikwangwani ndi udzu. Nditasuzumira pamwamba pake ndinaona golo, koma kuchokera m'munsi, ngati mmene galu amaonera tebulo. Kanema uja anajambulidwa ndi munthu wokhala pamwamba.

Chapafupi, pansi pa kadenga ka malata, panali njinga yachilendo, ya tayala limodzi losagunda pansi, yokhomeredwa pa simenti.

"Ya ovulala," anatero a Makiyi. "Amapalasa kuti mwendo usafe. Dzulo pansi pakepo ndinatolapo thumba la madzi oundana, atasungunuka, ndi bandeji yake. Kungotaya! Akasowa ati Makiyi."

Ndinawapatsa chipewa changa kuti andigwirire. Kukwera njinga utavala siketi ya upolisi, pa msinkhu wangawu, si chinthu chimene ndingafune kuti chidzatchulidwe pamaliro anga. Koma ndinakwera. Ndinakweza foni yanga, kuiloza kugolo, n'kuyamba kupalasa.

Kwii. Kwii. Kwii.

Ukonde unalowa m'chithunzi ndendende ngati mukanema muja. Ndipo unayamba kupendekeka. Kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja.

"Mayi," anatero a Makiyi mwachisoni, "imeneyotu siifika kulikonse."

"Ine yandifikitsa," ndinatero.

* * *

A Dokotala anali mayi wa msinkhu wanga, wa magalasi pamphumi, woyankhula ngati akudula bandeji.

"Bondo limenelo silingasewere. Ndinanena. Koma kuno bondo silichira ndi mankhwala, limachira ndi komiti."

"Dzulo munamusiya pati Kaputeni?"

"Pabedi apo, madzi oundana pabondo, n'kumuuza kuti akasuntha ndimubaya jakisoni wa hatchi. Ine n'kupita kukakhala chidole. Ndinaphunzira zaka zonse zija kuti ndidzaime pampanda nditagwira m'mimba."

"Pobwera?"

"Ndinamupeza pomwepo. Thukuta kamukamu, bondo litatupa kuposa mmene ndinalisiyira. Thumba la madzi oundana palibe. Akuti linadontha, anataya."

Kaputeni anali m'chipinda cham'kati, mwendo uli pa pilo. Nkhope yake ndinkaidziwa: imandimwetulira m'mawa uliwonse pachikwangwani cha pamphambano, ikundiuza sopo woti ndizisambira. Anandilonjera ndi mawu omwe amagwiritsa ntchito pamaso pa atolankhani.

"Ngati timu, mayi, takhumudwa kwambiri ndi zomwe zachitika. Koma tikuyang'ana kutsogolo. Anyamata ali ndi mtima, ndipo tikupempha otitsatira..."

"Munthu wogona amatuluka thukuta lotani?"

"Kunali kotentha."

"Atagona ndi madzi oundana."

"Thupi la wosewera limagwira ntchito ngakhale akupuma."

"Langa limapuma ngakhale ndikugwira ntchito. Benchi ndi mnzanu?"

Mawu a atolankhani aja anatha. Anayang'ana bondo lake.

"Tinayambira limodzi, pabwalo la fumbi. Nsapato zanga zoyamba zinali zake. Zinali zazikulu, ndinkaikamo nyuzipepala."

"Akuti kuseri kwa golo anali yekha. Wanena motsimikiza, ngati munthu amene waloweza."

Kunja wezulo inalira, ndipo Kaputeni anatembenuzira mutu kumeneko ngati galu womangidwa amene wamva anzake akupita kokasaka.

"Foni yanga inali m'bokosi," anatero kenaka. "Funsani a Makiyi."

Zinali zoona. Ndipo apa m'pamene nkhani yanga inatsimphina. Wojambula ndinali nditamupeza. Koma munthu angagulitse bwanji chinsinsi cha timu imene akulimbana ndi bondo lake lomwe kuti akaisewerere? Ndipo anajambula ndi foni ya yani?

* * *

Ndinakakhala pa masitepe a oonerera, pamthunzi. Ndisanavule n'komwe nsapato, amuna anga anaimba.

"Amayi a ana, wamuona Kaputeni? Bondo lili bwanji? Popanda ameneyo tikangoperekeza anzathu, ndikukuuza. Gulu lomwe tagweramo ku mpikisanoko ndi la imfa. Masewero oyamba tikafanana mphamvu, achiwiri..."

"Bambo, kanema uja munamuona?"

"Kambirimbiri! Kuntchito sitinagwire kanthu."

"Chigoli chinalowa?"

Ndinamva akubwereza kanemayo.

"Sichikuoneka," anatero. "Wojambulayo ndi mbuli. Mpira ukupita uko, iye wangoima pamodzimodzi. Munthu wotani wosatsatira mpira? Ngati iwe."

Ndinadula foni n'kubwereza kanemayo. Dziko lonse linamuonera maso ali pampira, chifukwa anthu a mpira sadziwa kuyang'ana kwina. Mpira ukatuluka m'chithunzi, kwa iwo kanema watha. Ine, mbuli, ndinayang'ana chimene chinatsalamo. Osewera ankalowa ndi kutuluka m'mbali. Chithunzi chinkapendekeka uku ndi uku. Koma pakati penipeni, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, panali chinthu chimodzi chosachoka: msana wopanda bibu.

Kazitape amatsatira mpira. Uyu anatumidwa kujambula zina.

A Mtsogoleri ndinawapeza akuyeserera zoti akanene kwa atolankhani, akuyankhula ndi kabati.

"Mwatsimikiza, a Sajeni?"

"Pang'ono kutsala, bwana. Koma ndabwerera zina. Chovala chanuchi chandigwira mtima. Amuna anga akhala akufuna chotere. Anakusokerani ndani?"

Nkhope yawo inasungunuka ngati batala.

"Muli ndi diso, mayi. Si za m'sitolo izi. Pali telala wina kuseri kwa siteshoni ya mabasi, pafupi ndi ometa tsitsi. Waluso, koma wamakani. Zilembozi anazikhotetsa pang'ono, ine ndinamva ndi msana. Iye n'kumakana." Anaseka mopepuka. "Ine sindikangana ndi munthu popanda umboni."

"Munamuonetsa?"

Foni imodzi patebulo inalira. Anaitenga, ndipo ndi dzanja linalo anandionetsa khomo.

* * *

Shopu ya telala inali kachipinda kopapatiza, kodzaza nsalu mpaka kudenga. Mwini wake, tepi m'khosi, mapini pakamwa, anandiyeza ndi maso ndisanapereke moni.

"Siketi imeneyo anakusokerani mdani wanu, mayi. Bweretsani ndiikonze."

"Ndabwerera tilakisuti ya zilembo zagolide."

Analavulira mapini m'dzanja. "Akutumani? Kawauzeni kuti zilembo zanga sizikhota! Ndinaika lula. Chokhota ndi msana. Munthu phewa lina lili m'mwamba chifukwa chonyamula mafoni, ndiye vuto likhale la telala?"

"Akuti anakuonetsani umboni."

"Umboni wake umenewo! Ananditumizira kanema dzulo, ati taona wekha. Ine kuonera, ndinangoti Mulungu ndi wabwino. Ntchito yanga, pabwalo la dziko, pakati pa osewera a dziko, ikuwala ngati dzuwa! Ndinaika nyimbo pamwamba n'kuponya pa tsamba langa la malonda. Mayi, foni sinapume. Matimu a mipingo, a sukulu, ngakhale gulu lina la oimba pamaukwati."

"Simunaone kuti anthu akukamba za chinsinsi cha timu?"

"Chinsinsi chanji? Ine ndinaona anthu agawana kwambiri, ndinati ayamikira ulusi. Kungoti akuba ena anadula nambala yanga kumapeto." Anandiyang'anitsitsa. "Mpira ine sinditsata, mayi. Muli anthu akugwada akumanga nsapato, ndiye chinsinsi chili pati?"

Ndinamva ngati ndapeza m'bale wanga wotayika.

"Kanema amene anakutumizirani uja, wopanda nyimbo, mukadali naye?"

Anapukusa foni, naipereka. Pamwamba panali nambala ya wotumiza, ndi chithunzi chake atavala tayi. Ndinakweza mawu.

Kwii. Kwii. Kwii. Wina ankapuma movutika pafupi ndi foniyo. Kenaka, chakumapeto, a mpanda enawo atabalalika, msana wagolide uja unatembenuka pang'ono, ndipo mawu omwe ndinawamva m'mawa wonse anafuula.

* * *

Ndinawasonkhanitsa m'chipinda cha a Dokotala, popeza Kaputeni sakanatha kuyenda popanda kudziulula. A Kochi anatseka chitseko n'kuyang'ana mpopi, koma munalibe. Benchi anaima pakona. A Mtsogoleri analowa pomaliza, akuyang'ana wotchi.

"Atolankhani akudikira. Tiyeni timalize za mnyamatayu."

Ndinaika foni yanga pa kabedi n'kuyatsa kanema amene ndinatenga kwa telala.

Kwii. Kwii. Kwii.

"Kaputeni! Zilembo zikuoneka zonse? Usadule mutu!"

A Dokotala anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi n'kuwavala, kuti awaone bwino a Mtsogoleri.

Ndagwirapo akuba, achiwembu, ndi mkulu wina wa mpingo. Onse akagwidwa amayang'ana pansi. A Mtsogoleri anayang'ana kudenga, nakhosomola, naika manja kumbuyo.

"Izi," anatero pang'onopang'ono, "zikuonetsa vuto lalikulu la kusasunga chinsinsi pakati pa matelala m'dziko muno. Ndikhazikitsa komiti."

"Munati ndi Benchi," anatero a Kochi, chingwe cha wezulo chitagwa pakamwa.

"Ndinati kafukufuku achitike. Wachitika, motsogozedwa ndi ofesi yanga. Mnyamatayu alibe mlandu, ndipo ndikhala woyamba kumuyamikira."

"Anabwera kudzanditenga pabedi pano," anatero Kaputeni. Sankayang'ana aliyense koma Benchi. "Anati akandiona ndikupalasa akauza komiti kuti bondo lachira, a Dokotala anene zomwe anganene. Nditakwera, anandipatsa foni. M'mawa zitaphulika anati tikhale chete tonse, goloboyi wachitatu ndi wachitatu basi." Anagwira bondo lake. "Unandiona, aise. Unadzutsa mutu, tinaphana maso."

"Ndinkayang'ana nkhuku," anatero Benchi.

"Pafoni yoyankhulira?"

"Khala chete, iwe. Timu ikukufuna."

"Ikufuna bondo. Ine ndilibe." Kaputeni anachotsa pilo, naponda pansi, nayesa kuima. Nkhope ya pachikwangwani cha sopo ija inakwinyika ngati chikwama chakale, ndipo anagwira khoma. "A Kochi, mwaona nokha. Ndinapalasa pang'ono chabe, usiku sindinagone. A Dokotala ananena zoona."

"Lembani penapake," anatero a Dokotala. "Sizimvekamveka kuno."

A Kochi anayang'ana Kaputeni, kenaka Benchi, kwa nthawi yaitali, ngati munthu amene akufunafuna chifukwa chokayikira koma sakuchipeza.

"Benchi. Chikalata chako choyendera chili bwino?"

"Chatsopano, a Kochi. Sichinadindidwepo."

"Chikadindidwa."

Benchi anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekezera zikomo, pang'ono pokha.

"Mayi," anatero, "mwandikweza ndege, koma mwaphetsa timu."

Amuna anga ananenanso zomwezo madzulo ake, ndi mawu ambiri.

* * *

M'mawa mwake ndinapita kukabweza foni ya Benchi, yomwe inasungidwa ngati umboni. Basi yopita ku bwalo la ndege inali italira kale. A Makiyi ankaponya zikwama m'munsi mwake akudandaula. A Kochi anakhala kumbuyo, atafunda jekete kumutu, akuganiza kachenjerero kena komwe sakauza munthu, mwina ngakhale osewera. Wailesi ya dalaivala inkati akatswiri agwirizana kuti popanda Kaputeni timu yathu ikabwera msanga, moti osewera asavutike n'kumasula zikwama.

Benchi anaima pakhomo la basi atavala suti ya timu, manja ake atatulukira kutali kunja kwa mikono. Nditangomupatsa, foni inalira. Anayang'ana dzina, nkhope n'kugwa.

"Mayi a kunyumba," anatero. "Ndiye kuti zina zagona."

Phazi limodzi linali pa sitepe ya basi, linalo pansi. Ndinaona lapamwamba lija likuyamba kutsika.

Ndodo yoyendera inagogoda pa simenti kumbuyo kwanga. Kaputeni anafika akutsimphina, atavala malaya wamba, natambasula dzanja n'kulanda foniyo.

"Alamu, ndi ine," anatero. "Ayi, akwera. Akwera ndithu. Mundiuze kuti mankhwala ake amagulitsa kuti, ndikubwera ndi galimoto. Zodwala muziike pazokha." Anatseka foni ndi chikhatho. "Zodwala amaziika pazokha, eti?"

"Pazokha," anatero Benchi. "Ndipo usalowe m'khola ndi nsapato zako zodulazo, upondeponde kaye m'mankhwala. Nkhuku sizidziwa kuti ndiwe Kaputeni."

"Kwera, aise, basi ingakusiyenso."

Benchi anakwera. Anakhala pawindo, chikalata chake chosadindidwa chili m'manja, atachigwira ndi manja onse awiri ngati mpira woyamba umene wamufikira.

Omaliza kukwera anali a Mtsogoleri wa Ulendo, atatha kuuza atolankhani mmene anapulumutsira wosewera wosalakwa. Pa sitepe anaima, natembenukira m'kati kuti ojambula awapeze bwino kumbuyo. Ndinali pafupi, ndipo dzuwa linali bwino, choncho ndinayang'anitsitsa monga wapolisi.

Telala uja anganene zomwe anganene. Zilembo zija zinali zokhota.